Tikatuma banja, tikonzekerenso kulilandira

Mipingo yathu imadziwa kutsanzika munthu. Banja likamanyamuka kukatumikira kunja, pamakhala mapemphero aakulu, abusa kulisanjika manja, amayi kuimba mpaka mawu kusasa, ena kuperekeza mpaka pabwalo la ndege. Koma banja lomwelo likabwerako patatha zaka khumi kapena makumi awiri, mwambo wonse umathera Lamulungu limodzi. Amaitanidwa kutsogolo kuti alonjere mpingo, anthu amaomba m'manja, basi. Lolemba aliyense ali pa zake, poti munthu wafika kwawo angasowenso chiyani? Ine ndikuti mavuto a banjalo amayamba Lolembalo.

Nkhaniyi ndi yakale. M'chaka cha 1852, David Livingstone adakweza mkazi wake Mary ndi ana awo anayi m'sitima ku Cape Town kuti apite ku Britain, iye natsala kukonzekera ulendo wake wautali wa ku Zambezi. Kwa David, ku Britain kudali kwawo. Koma Mary adabadwira ku Griquatown mu 1821, mwana wa Robert Moffat wa ku mishoni ya Kuruman, ndipo moyo wake udali wa kum'mwera kwa Africa. Anawo ndiye kudali kuchilendo kwenikweni. Mary sadamvane ndi apongozi ake ku Hamilton, choncho kwa zaka zinayi adakhala wosamukasamuka, ndalama zochokera ku London Missionary Society zosamukwana, matenda ndi ngongole zili pambuyo pake. Mwamuna wake atafika mu Disembala 1856, dziko lonse lidamulandira ngati ngwazi, maso onse ali pa iye. Mary adadzabwerera ku Africa, namwalira ndi malungo ku Chupanga, m'mphepete mwa Zambezi, mu 1862. Mwana wawo woyamba, Robert, sadakhazikike paliponse. Adakafera ku America mu 1864, pa nkhondo yapachiweniweni, ali ndi zaka 18 zokha.

Makolo a Mary nawo adachoka ku Kuruman mu 1870 atatumikira zaka zoposa 50. Mayi Moffat sadathe ngakhale chaka ku England, adamwalira mu Januwale 1871. Nayenso mmishonale Robert Laws, amene adafika ku Cape Maclear mu 1875, adachoka ku Livingstonia mu 1927. Tangoganizani munthu wobwerera kwawo patatha zaka 52: anzake ambiri a paubwana ali kumanda, ndipo anthu amene amamudziwa bwino adawasiya ku Livingstonia komweko.

Mbiri ya anthu amenewa timaiwerenga tili kumbali ya olandira amishonale. Tiiwala kuti ifenso tidayamba kale kutuma. Sinodi ya Harare ya CCAP idachokera pa ntchito yotsatira abale athu amene adapita kukagwira ntchito ku Rhodesia, ndipo kwa zaka zambiri abusa ochokera kuno ndiwo ankakaweta nkhosa kumeneko. Lero mabanja a Chimalawi akutumikira ku Mozambique, ku South Africa, ku Britain ndi kwina. Onsewa tsiku lina adzamanga katundu wawo n'kubwerera. Funso n'lakuti adzapeza chiyani.

Bambo amapeza kuti malo ake adatha. Kumene wachokera adali munthu wa zonse: kulalikira, kuyendetsa odwala kuchipatala, kuweruza milandu ya m'mabanja. Kuno anzake amene adaphunzira nawo ubusa ndiwo akuluakulu, mipingo yonse ili ndi eni ake, iye akuuzidwa kuti adikire komiti ikumane. Akapereka maganizo pa zimene adaona kunja, ena amanong'onezana kuti wayamba kudzimva. Akakhala chete, akuti kunja kudamuziziritsa.

Mayi amasenza katundu wolemera kuposa pamenepo. Iye ndiye adamanga banja kuchilendo, kuphunzira chilankhulo cha eni dziko kumsika ndi kuchipatala, kupeza anzake omugwira dzanja pobereka ndi pa maliro. Onsewo wawasiya tsiku limodzi. Kuno akupeza maliro amene sadalire: mayi ake, mchemwali wake, atsibweni. Achibale adalira kale, misozi idauma, iye ndiye akuyamba kumene kuona manda. Ndipo pomwe akupukuta misozi, mlamu ali pakhomo kufunsa kuti mwatitengera chiyani. Ambiri amakhulupirira kuti aliyense wochokera kunja wabwera ndi chuma, osadziwa kuti wotumikira Mulungu kunja nthawi zambiri amadalira zopereka za anthu osauka ngati ife tomwe. Kangachepe komwe adasunga kamasungunuka msanga. Wochoka kale amakumbukira mitengo yakale. Wobwera pambuyo poti kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amaima m'golosale kukamwa kuli yasa. Kumudzi nako munda udagawidwa, poti munda sudikira wapaulendo.

Koma amene ndimawamvera chisoni koposa ndi ana. Makolo akubwerera kwawo, ana akuchoka kwawo. Mwana wobadwira ku Nampula amalota m'Chipwitikizi. Wokulira ku Glasgow sadziwa kuti wamkulu salandiridwa chinthu ndi dzanja limodzi, kapena kuti agogo satchulidwa "iwe". Akalakwitsa, timamuseka kapena kumutcha wamwano, chonsecho palibe adamuphunzitsa. Kusukulu nako zinthu sizigwirizana: ku South Africa ndi ku Zimbabwe chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, kuno mu Seputembala, ndipo mwana wofika cha mu Sitandade 8 akukumana ndi mayeso a Chichewa, chilankhulo chimene amangochimvera patebulo la chakudya. Mbande ukaizula ku nazale suiponya pamtunda n'kuchoka. Umaithirira masiku angapo mpaka igwire. Mwana wa mmishonale timangomuuza kuti kwanu nkwanu, azolowere.

Wina anena kuti zonsezi n'zochepa poyerekeza ndi mavuto a anthu amene sadatulukepo m'dziko muno, ndipo wotumikira Mulungu asamadandaule. Ndikumva. Koma banjali silidadzitume lokha. Tidalituma ife, ndipo wotuma munthu udindo wake sutha mpaka wotumidwayo atabwera, atafotokoza, atapuma. Buku la Machitidwe, mutu 14, limasimba kuti Paulo ndi Barnaba atatha ulendo wawo woyamba adabwerera ku Antiokeya komwe adatumidwa, mpingo udasonkhana kumva zonse zimene zidachitika, ndipo adakhala nawo nthawi yaitali. Sudali moni wa mphindi zochepa pakati pa zolengeza ndi chopereka.

Zofunika kuchita si zozizwitsa ayi. Sinodi kapena likulu la mpingo lidziwe chaka chathunthu banja lisanafike kuti lidzakhala nyumba iti, bambo adzagwira ntchito yanji, ana adzalowa sukulu iti ndi kalasi yanji. Malipiro asaduke tsiku lomwe atsika ndege; apitirire miyezi ingapo, ndipo zaka za kunja ziwerengedwe pa penshoni. Asathamangitsidwe kuzungulira mipingo kukachitira umboni asanapume, asanakaone manda a abale awo. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a mabungwe ena amuyendere mayiyo osati kamodzi kokha, ndipo akafika amvetsere. Muloleni atchule anzake amene wawasiya popanda kumuyankha kuti ngati kunali kwabwino bwanji osabwerera. Achinyamata amukoke mwanayo ku kwaya ndi ku mpira, Chichewa chake chopotokacho adzachiwongolera komweko.

Inu akulu a mpingo, musanasanjike manja pa banja lina lopita kunja, yambani mwafunsa za lomwe lidabwerako chaka chatha: likugona kuti, likudya chiyani, ana ake ali pasukulu iti. Ngati pa bwalo lanu palibe amene angayankhe, ulendo winawo uyambe wadikira.