Maso a Mwana Apimidwe Asanalowe Sukulu

Wolemba Mtolankhani Wathu

Pali chizolowezi pakati pathu chakuti munthu apita kukapimitsa maso pokha-pokha atakalamba, pamene zilembo zayamba kuoneka mwachimbuuzi. Mwana wamng'ono timuyesa wa maso abwino chifukwa sadandaula. Koma mwana wobadwa ndi diso lofooka sadziwa kuti anzache aona bwino kumposa iye. Ayesa kuti dziko liri chomwecho. Kudikira kuti anene yekha ndiko kutaya nthawi imene sidzabweranso.

Madotolo atiuza kuti diso ndi ubongo ziphunzira kupenya pamodzi, ndipo maphunziro amenewa atha mwana akafika zaka 7 kapena 8. Ngati diso limodzi siliona bwino, kapena liyang'ana kumbali, ubongo ulinyalanyaza nudalira linzache, kufikira diso lija likhala laulesi. Likadziwika msanga, chithandizo chache nchapafupi: mandala, kapena kuphimba diso labwino maola angapo pa tsiku kuti laulesilo ligwire nchito. Likachedwa, ngakhale mandala okwera mtengo sathandiza kwenikweni.

Nthawi zopimira ziripo zitatu. Yoyamba ndi pobadwa. Kamwana ka m'diso kayenera kukhala kakuda. Kakaoneka koyera, ingakhale ng'ala yobadwa nayo, imene ifunika opaleshoni m'miyezi yoyambirira, kapena khansa ya m'diso, imene ipha ikalekereredwa. Mafinya m'maso a khanda losakwana mwezi afunika chipatala tsiku lomwelo. Khanda lobadwa masiku asanakwane lipimidwe maso likatha mwezi umodzi.

Yachiwiri ndi ku sikelo. Kumeneko mwana alandira Vitamini A miyezi 6 iriyonse kufikira zaka 5, ndiponso katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Chikuku ndi kusowa kwa vitamini ameneyu zinachititsa khungu ana ambiri m'dziko muno. Mayi asachite manyazi kunena ngati mwana satsata nkhope ndi maso, kapena ngati diso liyang'anabe kumbali atapitirira miyezi 6.

Yachitatu ndi pakati pa zaka 3 ndi 5, asanalowe Standade 1. Sikofunika kuti adziwe kuwerenga. Aima mamita 6 kuchokera pa chipepala cha chilembo E, natseka diso limodzi, nalozera kumene miyendo ya chilembocho yayang'ana.

Tsono mau athu apite kwa aphunzitsi. Mwana amene atsinzinira poyang'ana pa bolodi, aika buku pamphuno, apendeketsa mutu, kapena akopera m'kope la mnzache, asamuche mbuli kapena waulesi. Mukhazikeni patsogolo, itanani makolo, muwatumize ku chipatala. M'kalasi yodzaza, mwana wotere abwereza Standade nasiya sukulu, pamene chomsowa chinali mandala chabe. Inunso a m'maofesi a Boma, amene abale kumudzi amvera mau anu, achenjezeni za kudonthezera zitsamba kapena mkaka wa m'mawere m'maso a mwana. Zotere zingaboole diso limene likadachira.

Ena adzati madotolo a maso ngochepa ndipo mandala ngodula. Nzoona, ndipo nchifukwa chache tipempha a Unduna wa Zaumoyo ndi wa Maphunziro kuti kupima maso kukhale mwambo pa sikelo ndi polembetsa sukulu. Poyambira palipo kale: zipatala za m'maboma ziri ndi anthu ophunzira za maso, ndipo matenda obvuta atumizidwa ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Nkhoma. M'chaka cha 2022 bungwe la World Health Organization linabvomereza kuti Malawi wagonjetsa nthenda ya maso ya trachoma. Dziko limene linatha zimenezo silingalephere kupima maso a ana ache.

Akulu-akulu anati m'mera mpoyamba. Kholo liri lonse, popita ku sikelo mwezi uno, lipemphe kuti ayang'anenso m'maso mwa mwanayo.