Mawotchi oyeza BP: tisathamange nawo

Anzanga, masiku ano pamsika pabwera mawotchi owala mobiriwira kunsi kwake, ndipo ogulitsa akuti amayeza BP. Ine maganizo anga ndi akuti makolo athu asawakhulupirire msanga.

Nzeru yake si yabodza ayi. Tayesani kuika chala pa tochi ya foni usiku, muona chikufiira chifukwa kuwala kwadutsa m'magazi. Mtima ukagunda, magazi amachuluka m'mitsempha ya padzanja kenako n'kuchepa. Wotchi imawalitsa pakhungu n'kumaona kuwala komwe kwabwerera, pakuti magazi akachuluka amameza kuwala kwambiri. Ndiye kugunda kwa mtima imatha kuwerenga ndithu. Koma BP ndi nkhani ina. Wotchi sifinya mkono ngati lamba uja amamanga kuchipatala. Imangoona mmene magazi akukwerera ndi kutsika, basi n'kuyerekeza nambala.

Ngakhale mawotchi odula a Samsung amafuna kuti mwini wake aziyezetsa ndi lamba masabata 4 aliwonse kuti nambala zisasochere. Wotchi ya Apple, yomwe inayamba kuchenjeza za BP mu 2025, sipereka nambala n'komwe. Imakuyang'anira masiku 30, ikakayikira imakuuza kuti uyezetse ndi lamba. Nanga kawotchi kapamsika, komwe sitikudziwa anakapanga ndani, kadziwa bwanji zomwe anzake odulawo sakudziwa?

Palinso nkhani ya khungu. Khungu lakuda ngati lathuli limameza kuwala kwambiri. Mu 2020 madokotala a ku Michigan, ku America, anapeza kuti tizipangizo topana chala toyeza okosijeni m'magazi, tomwenso timadalira kuwala, timalakwitsa kawirikawiri pa anthu akuda kuposa azungu. Kodi mawotchiwa anawayesapo pa manja ogwira khasu ngati a amayi anga?

Chomwe chikundiopsa n'chakuti kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi muno, mmodzi ali ndi BP yokwera. Ndipo matendawa nthawi zambiri samveka kuwawa. Tiyerekeze agogo omwe akumwa mankhwala, mdzukulu wawagulira wotchi, yalemba 120/80. Iwo aganiza kuti achira, mankhwala asiya, kuchipatala sapitanso. Mapeto ake ndi sitiroko, mbali imodzi kufa ziwalo. Ndiye wojomba kusukulu kuti aziwasamalira akhala ndani? Ndife tomwe.

Ndikumvetsa chifukwa chake anthu akuwakonda. Chipatala chili kutali, kabaza ndi ndalama, ukafika pamzere mpaka masana. Tsiku lina akadzapanga wotchi yoyesedwa bwino pa anthu ngati ife, ine ndidzakhala woyamba kuombera m'manja. Koma pakadali pano, ndalama zomwe mabanja angapo angawononge pa mawotchi, bwanji amayi a banki m'khonde asonkhe agule makina amodzi a lamba oyendera mabatire? A zaumoyo a m'mudzi angawaphunzitse kamangidwe kake, ndipo aliyense wopezeka ndi 140/90 kapena kuposa apo azipita kuchipatala.