Debian yatsegulira RISC-V khomo, makompyuta akale atsala panja

Pa 9 Ogasiti 2025, akatswiri odzipereka omwe amakonza Debian adatulutsa Debian 13, yotchedwa trixie. Kwa nthawi yoyamba mapurosesa a RISC-V adalandiridwa mokwanira, pomwe makompyuta akale a 32-bit, a mtundu wa i386, adasiyidwa opanda kernel komanso pulogalamu yoikira Debian.

Gwero la nkhaniyi lili m'makina omangira mapulogalamu. Pulogalamu yomangidwira purosesa ya Intel kapena AMD singayende pa ARM, monga ya mu Raspberry Pi, pakuti mtundu uliwonse umamva malamulo akeake. Choncho mapulogalamu ambiri amamangidwa padera pa mtundu uliwonse, ndipo Debian ili ndi maseva otchedwa buildd ogwira ntchitoyi usana ndi usiku. Mtundu ukasowa makina ndi anthu ousamalira, umatsalira m'njira.

Bungwe lofuna kudziimira palokha lingathe kuika seva yotere pa ofesi pake pogwiritsa ntchito sbuild kapena Open Build Service ya openSUSE. Ngati lilibe makina enieni a ARM kapena RISC-V, QEMU imatha kuwayerekezera, koma ntchito imachedwa kwambiri, ndipo zolakwika zina zimadzaonekera pa makina enieni pokha.

Kunena n'kosavuta, koma vuto ndi ndalama. Sukulu yomwe idalandira makompyuta a 32-bit ngati mphatso palibe woiletsa kumanga kernel yake. Komabe ifunika katswiri, magetsi osazimazima, ndi munthu wotseka mipata ya chitetezo mwezi ndi mwezi. Zikuoneka kuti ambiri angokakamira Debian 12 mpaka chithandizo chake chidzathe.