Nkhotakota: mpunga ndi magoli

Tikamatama mpunga wa ku Nkhotakota, tizikumbukanso amene anaufalitsa. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Mswahili wamalonda wochokera kugombe la nyanja ya mchere, anapempha malo kwa mafumu a Achewa, nakhazikika ngati Jumbe. Anasankha mochenjera, chifukwa doko lake n'lobisika ku mwera. Zombo zake zamatanga zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo pa nyanja ya Malawi, ndipo kutsidyako ankayenda pansi, magoli ali m'khosi, mpaka ku Kilwa. Mudziwo unakula ndi chuma chimenecho. Chisilamu, migwalangwa ya ngole ndi madimba a mpunga zinabwera limodzi ndi unyolo. David Livingstone anafikako mu 1861 ndi 1863, koma malondawo anangopitirira. Mngelezi Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wa nthawiyo mu 1889, ndipo pasanathe zaka khumi Angelezi anathetsa ufumuwo. A mishoni ya UMCA anamanga tchalitchi, momwe munaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira m'nyanja mu 1895. Alendo timawaonetsa mkuyu wa Livingstone, n'zabwino ndithu, koma mzungu uja anali wodutsa chabe. Inu akuluakulu a khonsolo, ikani chikumbutso chooneka padoko pomwe ankakwezera abale athu aja.