Kalulu Sanawataye Ana Ake

Kuno kwa Kapichi, kumene minda ya tiyi inatisiyira malo ochepa odyetsera mbuzi, mabanja ambiri amaweta akalulu kuseri kwa nyumba, ndipo ntchitoyi imagwera ana. Tsiku lina mnyamata wa m'kalasi mwanga anafika nkhope ili yakugwa. "Aphunzitsi, kalulu wanga waswa, koma ana ake wawataya. Tsiku lonse sakuwayandikira." Iye anali atayamba kale kutulutsa tianato m'chisa ndi kumpana make kuti ayamwitse. Tiwiri tinafa.

Inu makolo ndi anyamata, kaluluyo sanalakwe. Chibadwa chake ndi kuyamwitsa kamodzi kokha pa tsiku, makamaka usiku kapena mbandakucha, ndipo ntchitoyo imatha m'mphindi zitatu kapena zinayi basi. Makolo a kalulu woweta anachokera ku Spain ndi Portugal, kumene amaswera m'mauna. Mayi amafotsera khomo la una ndi dothi nachokapo, kuti adani asalondole ana. Tisamsokoneze ndi kalulu wa m'tchire, wa m'nthano zathu uja, amene ana ake amabadwa ndi ubweya, maso ali otseguka.

Tsono taganizani. Bere la kalulu limatenga masiku pafupifupi 31, ndipo kamwana kamabadwa kopanda ubweya, kosamva, kosapenya kufikira masiku ngati 10 atapita. Nanga mu mdima, pa kanthawi kochepa chotero, kamapeza bwanji poyamwa? Kamapeza ndi mphuno. M'zaka za m'ma 1980, Robyn Hudson ndi Hans Distel ku Munich anaonetsa kuti pamimba pa mayi pali fungo limene limatsogolera ana ku mawere, ndi kuti kamwana kamene sikangathe kununkhiza sikayamwa konse, ngakhale mkaka uli pafupi ndi kamwa. M'chaka cha 2003, Benoist Schaal ndi anzake ku Dijon, m'dziko la France, anapeza mu mkaka wa kalulu chinthu chimene chimatulutsa fungo loitanira analo, chotchedwa 2-methylbut-2-enal. Atapaka pang'ono chabe pa kandodo ka galasi, tiana tinayamba kufunafuna ndi mitu ndi kuluma kandodoko monga bere. Palibe anatiphunzitsa, timabadwa tikulidziwa.

Chinanso chimene chimandizizwitsa ine ndi chakuti nthawi ya kuyamwa ikayandikira, tiana timadzivundukula tokha m'ubweya wa chisa ndi kuunjikana pamodzi kudikira mayi. Mwana wa sukulu wosunga nthawi chotero sindinamuonebe.

Ngati mukukayika, dzukani m'mamawa, sambani m'manja ndi madzi okha, nimusuzumire m'chisa. Timimba tikakhala tozungulira ndi tofunda, tayamwa. Kukhudza kotere sikumpangitsa mayi kukana ana ake, monga ambiri amanenera, koma ine sindilola manja a sopo wonunkhira kapena palafini pafupi ndi chisa. Mayiyo mpatseni madzi okwanira, masamba a mbatata ndi madeya, ndipo tsekani ming'alu yolowera makoswe ndi linthumbu. Tiana tinayi totsala ta mnyamata uja tinabwezedwa m'chisa tsiku lomwelo, ndipo tonse tinakula.