Mayunivesite azipatsa malo anthu osewera ndi mawu

Tsiku lililonse timadula mawu pa WhatsApp, kusakaniza Chichewa ndi Chingelezi, kenaka n'kutsekera ndi ka emoji. Akuluakulu amati tikuononga chilankhulo. Ine ndimaona kuti tikuchiumba, ndipo mayunivesite akuyenera kuitana anthu aluso kuti adzatiunikire zimenezi.

Taonani nkhani ya Xu Bing wa ku China. Kuyambira mu 1987, mkuluyu adasema pamatabwa zilembo pafupifupi 4,000 zooneka ngati Chitchaina chenicheni, koma zopanda tanthauzo ngakhale chimodzi. Adasindikiza nazo mabuku ndi zimapepala zolendewera kudenga, n'kuitcha ntchitoyo Book from the Sky. Pulofesa akalowa m'chipindamo amangoti kakasi, kulephera kuwerenga ngati munthu amene sadapondeko m'kalasi. Phunziro lake ndi lomwelo: amene amadziwa kuwerenga alaweko ululu wa amene zilembo zidamutsekera kunja.

Zitavuta ku Beijing mu 1989, ntchitoyo idayamba kudzudzulidwa kwawo. Yunivesite ya Wisconsin-Madison ku America idamuitana mu 1990, ndipo mu 1991 adaonetsa ntchito zake pasukulupo. Ali ku America komweko adatulukira kalembedwe kopanikiza mawu a Chingelezi m'timabokosi tooneka ngati Chitchaina. Pambuyo pake adalemba Book from the Ground, nkhani ya maola 24 a munthu wogwira ntchito mu ofesi, yolembedwa ndi tizizindikiro tokhatokha. Adakonzanso pulogalamu ya pakompyuta: ukalemba chiganizo, iyo imachisandutsa tizithunzi. Si zomwe timachita pafoni izi, eti?

Wina anena kuti, "Aaa, ophunzira akusowa fizi ndi malo ogona, inu mukukamba zojambula?" Nkhawayo ndi yomveka, ndipo fizi izikhala patsogolo ndithu. Koma waluso sakufuna nyumba yosanja. Chipinda chimodzi, kompyuta, pulojekita ndi kangachepe ka miyezi itatu, basi. Kafukufuku wambiri wa zilankhulo amathera pashelefu m'laibulale. Chionetsero chimaloweka ndi aliyense, mlonda wa pageti ndi mayi wogulitsa mandasi omwe.

Zipangizo tili nazo kale. Ku Zomba, yunivesite ya Malawi ili ndi Centre for Language Studies komanso imaphunzitsa zaluso. Nolence Mwangwego adayamba kupanga zilembo zakezake zolembera zilankhulo za kuno mu 1979, n'kuzikhazikitsa mu 1997, koma ndi angati mwa ife amene tingaziwerenge? Tangoganizani khoma limene ukalankhula mwambi wa Chiyao kapena Chitumbuka, limaulemba m'zilembo zimenezo iwe ukuona.

Ndiye akuluakulu a mayunivesite, yambani ndi waluso mmodzi pachaka. Inu ophunzira, kafunseni kumisonkhano yanu. Tikapanda kusewera tokha ndi zilankhulo zathu pamakinawa, autocorrect ipitiriza kuona mawu athu ngati zolakwika.