Nkhokwe ya Timu ya Kiriketi Ili M'sukulu za Kumudzi

M'mwezi wa Seputembala chaka cha 2024 timu ya dziko lino ya kiriketi inakhala yachiwiri, pambuyo pa Tanzania, pa mpikisano wa ku Dar es Salaam. Potero inapeza mwayi wopita ku Harare m'chaka cha 2025, kumene maiko asanu ndi atatu a mu Africa analimbirana malo awiri a ku mpikisano wa T20 wa dziko lonse wa 2026. Malowo anatenga ndi Zimbabwe ndi Namibia. Anyamata athu tikuwayamika ndithu, pokumbukira kuti masewero awo oyamba a T20 ovomerezeka ndi bungwe la ICC anasewera posachedwapa, mu Novembala 2019, polimbana ndi Mozambique pa Kwacha Cup.

Koma kuyamika kusatitseke pakamwa. Pokumana ndi matimu amphamvu, marani athu, ndiye kuti zigoli za masewerowa, akhala akuchepa. Katundu amasenza ndi anthu owerengeka, monga Sami Sohail, ndipo otere akatuluka msanga otsala amangoyoyoka ngati mango a mphepo. Zikatero chala chimaloza osankha timu: uyu anamutengeranji, uja anamusiyiranji? Ife tikuti mafunso amenewa ali ndi malo ake, koma gwero la vutoli lili kutali ndi chipinda chimene osankhawo amakumana. Munthu satapa m'nkhokwe chimanga chimene sichinalimidwe.

Tiyeni timvetse ntchito ya womenya mpira. Pa T20 timu iliyonse imalandira mipira 120, ndipo mwa osewera 11, akatuluka 10 basi kwatha. Woponya akalakwa amaponyanso, koma womenya akalakwa kamodzi kokha akhoza kubwerera kukakhala pansi. M'kanthawi kosakwana sekondi imodzi ayenera kuona komwe mpira ugwere, kusuntha phazi ndi kusankha pakati pa kumenya ndi kutchinga. Luso lotere salipeza munthu atamera kale ndevu. Limalowa m'thupi paubwana, pomenya mipira zikwizikwi pa malo osalala. Mwana wophunzirira pa bwalo la zigulumwa, pamene mpira umanjanja mosadziwika, amazolowera kungokupiza thabwa mwamwayi, ndipo chizolowezi chimenechi sichichoka msanga. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba.

Tsono taganizani za Chileka ndi Lirangwe. Chileka ndi khomo limene alendo obwera pa ndege amalowera mu Blantyre. Lirangwe ali pa msewu waukulu wa M1, kupitirira Lunzu polowera ku Zalewa. Madera awiriwa ali pafupi ndi mzinda umene uli ndi mabwalo a kiriketi, komabe kwa ana ambiri a kumeneko masewero ndi mpira wamiyendo ndi wamanja basi. Mnyamata amene amagwetsa njiwa ndi legeni ali ndi diso, ndipo mtsikana amene sagendeka pa fulaye ali ndi changu. Ngati ana otere amaliza Sitandade 8 osagwirapo thabwa lomenyera, mtundu wataya osewera amene sunawadziwe nkomwe, ndipo osankha timu adzapitiriza kuzungulira pa maina omwe aja a m'tauni.

Kwa aphunzitsi akulu, alangizi a maphunziro, mafumu ndi akuluakulu a khonsolo ya boma la Blantyre tikuti ntchitoyi si yodikira chuma chambiri. Malo omenyerapo ndi kamzere kotalika mayadi 22, pafupifupi mamita 20. Kamzere kotere ka simenti, m'mbali mwa bwalo la mpira, kakhoza kutumikira sukulu zingapo zoyandikana kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pa Sabata ya Achinyamata, anthu ankaumba njerwa ndi kumanga zipinda zophunziriramo ndi manja awo. Kodi mzimu wodzithandiza womwewo ungalephere kusalaza mamita 20? Poyambira, mpira wa tenisi ndi thabwa losemedwa ndi mmisiri wa pamudzi nzokwanira.

Aphunzitsi tikuwapempha chinthu china chimene ambiri amachipeputsa: kusunga buku la zotsatira. Mwana aliyense alembedwe marani amene wapeza, mipira imene walandira ndi momwe watulukira. Bukuli ndi phunziro la masamu, komanso ndi mboni ya mwana wosauka amene alibe womulankhulira. Popanda buku, kusankha kumatsata nkhope yodziwika. Buku likakhalapo, mwana wa ku Lirangwe amayezedwa pa sikelo imodzi ndi mwana wa ku Limbe.

Osankha timu nawonso ali ndi mbali yawo. Atuluke mumzinda akaonerere mipikisano ya sukulu. Alengeze poyera muyeso umene amatsata, kuti wosiyidwa adziwe choti akonze. Ndipo akasankha wachinyamata, asamutaye chifukwa walephera kawiri kapena katatu, pakuti womenya woopa kuchotsedwa amasewera ndi mtima uli m'mwamba, ndipo mantha omwewo ndiwo amamutulutsa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwana wa zaka 10 amene ayambe kumenya mpira chaka chino adzakhala atakhwima pakatha zaka khumi. Nthawi imeneyi ndi yaitali, koma njira yachidule palibe. Tikufuna kuti mkulu aliyense wa maphunziro m'madera a Chileka ndi Lirangwe, teremu ikamatha, adzathe kutchula sukulu imodzi yomwe yasalaza malo ake ndi mphunzitsi mmodzi yemwe watsegula buku lake.